N'chifukwa chiyani chakudya chimene tinachizolowera chimasintha kakomedwe?

Dandaulo lakuti zakudya za masiku ano sizikukoma ngati kale limamveka paliponse m'boma la Mangochi, kuyambira mumsika wa pa Boma mpaka m'madoko a ku Makawa, Malindi ndi Msaka, ngakhalenso kumtunda ku Namwera. Wina amati chambo chimene wagula chikumveka matope. Wina amati nsima ya ufa wa chaka chino ilibe kafungo kaja kamene kamachititsa munthu kusamba m'manja asanaitanidwe. Palinso amene anadwala chimfine champhamvu miyezi yapitayo, ndipo lero anyezi akamakazingidwa amamva ngati chinthu chowola pamene ena onse m'nyumbamo akumeza malovu. Mawu a madandaulowa ndi ofanana koma zoyambitsa zake n'zosiyana kotheratu, ndipo chifukwa chakuti anthu amaziphatikiza, mlandu umagwera aliyense amene ali pafupi: wophika, wogulitsa, feteleza, mbewu zamakono, mwinanso mnansi amene akuganiziridwa zoipa.

Kusinthaku kumatha kuchitika m'thupi la munthu wakudyayo, m'chakudyacho kuchokera kumunda kapena m'madzi momwe chinakulira, kapenanso panjira, pakati pa kukolola ndi kupakula. Chovuta n'chakuti lilime lili ngati mlonda wa usiku amene amakuwa kuti china chake chayenda kuseri kwa mpanda, koma sangathe kunena ngati ndi mbala kapena mbuzi yosochera, ndipo nthawi zina mbala yeniyeni imadutsa iye osamva kanthu.

Kodi kukoma kumachitikira kuti?

Lilime palokha limazindikira mitundu isanu yokha ya kakomedwe: kutsekemera, kuwawasa, mchere, kuwawa, ndi mtundu wachisanu umene umamveka mumsuzi wa nyama, wa usipa wouma kapena wa tomato wopsa bwino. Mtundu wachisanuwu unafotokozedwa m'chaka cha 1908 ndi katswiri wa ku Japan, Kikunae Ikeda, amene anapeza kuti msuzi wa ndere zina za m'nyanja yamchere umakoma chifukwa cha chinthu chotchedwa glutamate, ndipo kakomedweko anakatcha umami. Zokometsera ndiwo zambiri za m'timapaketi zimadalira glutamate yemweyo. Chithunzi chija chimene ambiri anachiona m'mabuku a kusukulu, chosonyeza kuti nsonga ya lilime ndi ya zotsekemera ndipo kumbuyo kwake ndi kwa zowawa, chinabwera chifukwa chosamvetsa bwino kafukufuku wina wa ku Germany wa 1901. Mbali zonse za lilime zimene zimalawa zimamva mitundu yonse isanu.

Komatu mitundu isanu singakwanire kusiyanitsa chambo ndi kampango, kapena mango ndi papaya. Ntchito imeneyo ndi ya mphuno. Munthu akamatafuna, mpweya wonyamula fungo la chakudya umakwera kudzera kukhosi mpaka kudenga la mphuno, kumene kuli mitsempha yomva fungo. Linda Buck ndi Richard Axel anafotokoza mu 1991 m'mene mitsemphayi imazindikirira fungo, ntchito imene anailandirira mphoto ya Nobel mu 2004, ndipo lero zimadziwika kuti munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya tizigawo tolandirira fungo. Ubongo umasonkhanitsa uthenga wa lilime ndi wa mphuno, n'kuwonjezapo kutentha kwa chakudyacho, kufewa kapena kulimba kwake ndi kuyabwa kwa tsabola, kenako umayerekeza zonsezi ndi zimene unasunga kuyambira paubwana. N'chifukwa chake munthu wa chimfine amanena kuti ndiwo sizikumveka, ngakhale kuti mchere akuumva bwinobwino.

Pamene chasintha ndi wakudyayo

Aliyense amene anadwalapo malungo amadziwa za mkamwa mowawa, pamene madzi akumwa enieniwo amamveka ngati muli mankhwala. Maselo olawira a palilime amakhala masiku 10 mpaka 14 asanalowedwe m'malo ndi atsopano, ndipo thupi likakhala pankhondo yolimbana ndi matenda, kasinthidwe kameneka kamasokonekera. Malovu nawonso amachepa, ndipo popanda malovu chakudya sichisungunuka mokwanira kuti lilime lichimve. Mankhwala ena amatulukira m'malovu momwemo. Metronidazole, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Flagyl, amasiya kakomedwe ka chitsulo mkamwa, ndipo mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi monga captopril, komanso ambiri a khansa, amasintha kakomedwe ka chakudya. Zimenezi si chifukwa chosiyira mankhwala panjira. Choyenera ndi kukafotokoza kuchipatala, kumene angaone ngati pali ena olowa m'malo.

Amayi oyembekezera, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira, amatha kuipidwa ndi fungo la nsomba zimene ankazikonda. Matenda a nkhama, zoyerayera za mkamwa, fodya, matenda a shuga ndi a impso, zonsezi zimakhudza kakomedwe. Ukalamba nawo umafooketsa mphuno pang'onopang'ono, makamaka munthu akapitirira zaka 60, kotero kuti agogo amene amati ndiwo za masiku ano zilibe mchere nthawi zina amakhala akunena zoona za m'thupi mwawo osati za mumphika. Palinso kuzolowera: munthu amene wadya ndiwo zothira zokometsera za m'mapaketi kwa nthawi yaitali amaona ngati nkhwani wotendera wamba ndi wozizira, ndipo amene wachepetsa mchere kwa miyezi iwiri kapena itatu amayamba kuona kuti mchere umene ankathira kale ndi wochuluka.

Mliri wa Covid-19, umene unatsimikizika m'Malawi pa 2 April 2020, unachititsa kuti nkhani ya fungo idziwike padziko lonse. Odwala ambiri ankadzuka m'mawa osamva fungo lililonse ngakhale mphuno zawo zinali zosatsekeka. Ofufuza anapeza kuti kachilomboka kamawononga kwambiri maselo amene amasamalira mitsempha ya fungo, ndipo maselowo akachira, ambiri amayambanso kumva pakatha milungu yochepa. Koma kwa ena, patapita miyezi, fungo linabwerera mopotoka, vuto limene madokotala amalitcha parosmia. Zakudya zokazinga ndi zowotcha, monga anyezi, nyama, mazira ndi khofi, ndizo zimaipa kwambiri, n'kumamveka ngati zowola kapena zopserera. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti izi zimachitika pamene mitsempha ikumera mwatsopano, ina itachira ina isanachire, kotero kuti ubongo umalandira gawo chabe la uthenga. Njira imodzi imene imathandiza ena inayesedwa ku Dresden, ku Germany, ndi gulu la Thomas Hummel, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2009: kununkhiza mwachidwi zinthu zinayi za fungo lodziwika, zina mwa izo mandimu, bulugamu ndi duwa la rozi, kawiri pa tsiku kwa milungu 12.

Mafunso awiri amathandiza kusiyanitsa vuto la m'thupi ndi la m'mbale. Kodi ndi munthu mmodzi amene akumva kusinthaku, kapena banja lonse? Nanga ndi chakudya chimodzi, kapena zonse? Ngati munthu mmodzi akumva zachilendo m'zakudya zambiri kwa milungu ingapo, yankho lili kuchipatala. Ngati onse ozungulira mbale akukwinya nkhope pa ndiwo imodzi, tiyenera kuyang'ana kumene ndiwoyo yachokera.

Chambo cha matope ndi usipa wokanda kukhosi

Kwa anthu a kunyanja, nkhani ya kakomedwe imafika pamtima ikakhudza nsomba. Choyamba choyenera kudziwa n'chakuti nsomba yogulitsidwa ndi dzina la chambo masiku ano siichokera malo amodzi. Chambo cha m'nyanja ya Malombe, chimene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 chinkagwidwa matani masauzande angapo pachaka, chinatsika kufika pa mazana ochepa m'zaka za m'ma 1990, ndipo asodzi anatembenukira ku kambuzi. Kumwera kwa nyanja ya Malawi nakonso chinachepa kwambiri. Mpata umenewu unadzazidwa ndi nsomba zowetedwa m'makheji oyandama panyanja, makumba ndi chilunguni za m'madamu okumba, komanso nsomba za mtundu womwewo zoumitsidwa m'mafiriji zochokera kunja kwa dziko. Chambo cha m'nyanja chimadya tizomera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tam'madzi, pamene nsomba yoweta imadya zakudya zopangidwa kuchokera ku soya, madeya ndi zina, ndipo kawirikawiri imakhala ndi mafuta ambiri. Popeza fungo la nsomba limakhala kwambiri m'mafuta ake, kusiyana kwa chakudya kumamveka pakamwa. Izi sizitanthauza kuti ina ndi yabwino ndipo ina ndi yoipa pa thanzi. Zonse ndi ndiwo zopatsa thupi zofunika.

Kakomedwe ka matope kali ndi gwero lodziwika. Ndere zina zobiriwira modera ndi tizilombo tina ta m'dothi timatulutsa chinthu chotchedwa geosmin, chimene Nancy Gerber ndi Hubert Lechevalier anachipatula ndi kuchipatsa dzina mu 1965 ku America. Ndi chinthu chomwechi chimene chimanunkhira mvula yoyamba ikagwa pa nthaka youma mu November, ndipo n'zochititsa chidwi kuti fungo limene timalikonda pabwalo timalida m'mbale. Mphuno ya munthu imamva geosmin ngakhale atakhala nanogalamu 10 okha m'lita imodzi ya madzi, ndipo nanogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a galamu. Nsomba imamwa geosmin kudzera m'makha ake n'kumusunga m'mafuta ndi pansi pa khungu. Ndere zotere zimachuluka m'madzi osayenda, otentha ndiponso odzaza ndi manyowa kapena zotsalira za chakudya, choncho vutoli limapezeka kwambiri m'madamu ndi m'madambo nthawi yotentha, ndipo mlamba, umene umakhala pansi m'matope, umakhudzidwa kawirikawiri. Geosmin pamlingo umenewu sadwalitsa munthu. Alimi a nsomba amachotsa fungoli posunga nsomba zamoyo m'madzi oyera osazidyetsa kwa masiku angapo asanazigulitse, ndipo kukhitchini mandimu amalichepetsako chifukwa geosmin amaphwanyika m'zinthu zowawasa.

Usipa uli ndi nkhani yake. Uli ndi mafuta a mtundu umene umathandiza thupi, koma mafuta omwewo ndi amene amawonongeka msanga akakumana ndi mpweya, kutentha ndi dzuwa. Usipa wouma bwino umakhala wowala ndipo umathyoka ukaupinda. Ukakhalitsa m'thumba m'nyumba yotentha umasanduka wachikasu kapena wofiirira, umatulutsa fungo la mafuta okhalitsa, ndipo ukaphikidwa umawawa ndi kukanda kukhosi. M'nyengo ya mvula, pamene usipa woyanikidwa pathandala umatenga nthawi kuti uume, umayamba kuwola usanaume, ndipo kuwolako sikuchoka ngakhale dzuwa litawala mawa lake. N'chifukwa chake usipa wofutsa, wongoyanika ndi wokazinga umasiyana kakomedwe ngakhale utachokera mu ukonde umodzi, ndipo wokazingawo umatengeranso mafuta amene waukazingira: ngati agwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza mpaka kuda, kuwawa kwake kumalowa m'nsomba. Nsomba zowamba nazo zimatenga fungo la nkhuni, ndipo pamene mitengo yachilengedwe ikuchepa m'mapiri ozungulira nyanja, owamba amagwiritsa ntchito nkhuni zilizonse zimene apeza. Koma nsomba zouma zimene zikumveka fungo la mankhwala ophera tizilombo ndi nkhani ina, ndipo siziyenera kudyedwa.

Nsima ndi mtundu wa chimanga

Mkangano wa chimanga chamakolo ndi cha haibulidi ndi wakale. Chamakolo chimakhala ndi njere zolimba, pamene mitundu yoyambirira ya haibulidi inali ya njere zofewa zokhala ndi kadzenje pamwamba. Amayi anaona msanga kuti chofewachi chimaphwanyika pokonola, kotero kuti ufa wambiri unkapita kumadeya, komanso chinkafumbwa msanga m'nkhokwe. Madandaulo amenewa ndi amene anachititsa ofufuza a ku Chitedze kutulutsa mitundu ya MH17 ndi MH18 mu 1990, imene njere zake zinali zolimbirapo. Kuchokera mu 2005, ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo inafalitsa mbewu za haibulidi m'midzi yambiri. Kulimba kwa njere kumakhudza m'mene ufa umamwera madzi ndi m'mene nsima imagwirira m'manja, ndipo anthu ambiri akamati nsima siikukoma amakhala akunena za kugwira kumeneku.

Komabe kakonzedwe ka ufa kamasintha kakomedwe mwina kuposa mtundu wa mbewu. Ufa woyera weniweni umachokera ku mphale yoviikidwa m'madzi kwa masiku angapo, ndipo m'masiku amenewo tizilombo tabwino, tofanana ndi timene timasasitsa thobwa, timapatsa mphaleyo kafungo ndi kuwawasira pang'ono. Mphale yotsukidwa, yoyanikidwa pamkeka, kenako n'kupita kuchigayo, imatulutsa nsima yosiyana ndi ya chimanga chongokonola n'kugaya tsiku lomwelo, ngakhale chimangacho chitachokera m'munda umodzi. Mabanja ambiri, makamaka m'matauni, anasiya kuviika mphale chifukwa cha nthawi, ndipo kusintha kumene amakumva amakuika pa mbewu. Mgaiwa, umene uli ndi zopatsa thanzi zambiri chifukwa mtima wa njere umagayidwira limodzi, ulinso ndi mafuta a mtimawo, ndipo m'kutentha kwa ku Mangochi mafutawo amayamba kuwawa ufa ukakhala milungu ingapo. Chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe chimakhala ndi fungo lake, ndipo chothiridwa mankhwala a fumbi mopyola muyezo, kapena chogayidwa osapeta bwino, chimanyamula fungo la mankhwalawo mpaka m'mbale.

Kuwawa kochenjeza ndi poizoni wosamveka

Pali nthawi imene lilime limanena zoona ndipo liyenera kumveredwa. Chinangwa chili ndi chinthu chotchedwa linamarin chimene chimasanduka poizoni wa cyanide muzu ukaphwanyidwa. Mitundu yozuna monga manyokola ili ndi chochepa, yowawa ili ndi chambiri, ndipo chilala chimachulukitsa poizoniyu, kotero kuti munda umene unkabereka chinangwa chodya chachiwisi ukhoza kubereka chowawa chaka cha ng'amba. Mu 1981, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo ndi matenda otchedwa konzo atadalira chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira panthawi ya chilala. Kusenda, kuviika m'madzi kwa masiku angapo ndi kuyanika bwino ndiko kumachotsa poizoniyu. Maungu, mphonda ndi nkhaka zimene zawawa modabwitsa nazo ziyenera kutayidwa, chifukwa kuwawako kumachokera ku chinthu chimene chimatsegula m'mimba kwambiri ndipo kuphika sikuchichotsa.

Mbali inayo ndi yoopsa kwambiri. Chuku chimene chimamera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene anadziwika mu 1960 pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mtedza wowola kwambiri umawawa ndipo munthu amaulavula, koma poizoniyo payekha alibe fungo kapena kakomedwe, amatha kupezeka m'njere zooneka bwino, ndipo safa ndi moto wa kuphika kwa masiku onse. Akadyedwa pang'onopang'ono kwa zaka amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo akachuluka amapha msanga, monga zinachitikira ku Kenya mu 2004 pamene anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Nsinjiro zopangidwa ndi mtedza wotsala posankha, umene wabwino wake wapita kumsika, ndi njira imodzi imene poizoniyu amalowera m'ndiwo za pakhomo popanda wina kuzindikira. Chambo cha matope, chimene chimakanidwa ndi banja lonse, sichivulaza, pamene phala la nsinjiro lokoma bwino likhoza kukhala ndi vuto.

Madzi ndi zowonjezera

Madzi ophikira amaiwalika, koma tiyi ndi nsima ndi madzi ndithu. Mijigo ina ya m'mbali mwa nyanja imatulutsa madzi a mchere kapena a chitsulo, ndipo m'nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inavuta kwambiri ku Mangochi, mabanja ambiri anamva fungo la klorini m'madzi awo. Fungo limeneli pamlingo woyenera ndi chizindikiro chakuti madzi atetezedwa. Anthu ena amakayikiranso ayodini wa mumchere ndi vitamini A amene amawonjezedwa mu shuga ndi m'mafuta ophikira, koma zinthuzi zimathiridwa pamlingo wochepa kwambiri, wosankhidwa dala kuti usasinthe kakomedwe ka chakudya.

Mafunso amene akadali poyera

Ofufuza sanagwirizane chifukwa chake anthu ena amachira fungo pakatha milungu iwiri chidwalireni Covid-19 pamene ena amakhala zaka, ndiponso ngati kununkhiza mandimu ndi bulugamu kumachiritsadi mitsempha kapena kumangofulumizitsa kuchira kumene kukanabwera kokha. Nkhani ya zinc, mchere wina wa m'zakudya (osati wothira m'ndiwo) umene thupi limaufuna pang'ono chabe, nayo ili pakati. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti Amalawi oposa theka ali ndi zinc wochepa m'magazi, ndipo zimadziwika kuti kusowa kwambiri kwa mchere umenewu kumafooketsa lilime, koma mayeso opatsa anthu mapiritsi a zinc kuti kakomedwe kabwerere atulutsa zotsatira zosiyanasiyana.

Pa feteleza pali mbali ziwiri. Alimi ambiri amalumbira kuti masamba ndi tomato za manyowa zimakoma kuposa za feteleza, ndipo n'zoona kuti madzi ochuluka ndi feteleza wobereketsa masamba wopyola muyezo zimasukulutsa shuga wa m'zipatso. Koma pamene anthu alawitsidwa osauzidwa kuti ichi chachokera kuti, zotsatira sizikhala za mbali imodzi, chifukwa mtundu wa mbewu, nthawi yothyolera ndi masiku amene chakhala panjira zimalowererapo. Kunyanja funso ndi lakuti, pamene madzi akutentha ndipo dothi ndi manyowa zokokoloka kuchokera m'minda zikulowa m'mitsinje yothira m'nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, kodi ndere zobweretsa fungo la matope zidzachuluka mpaka kukhudza nsomba za m'nyanja zenizeni?

Funso lovuta kuposa onse ndi la kuyerekeza lero ndi kale. Kulemera kwa zokolola kumalembedwa m'mabuku, koma palibe amene anasunga kakomedwe ka chambo cha mu 1980 kuti tichiike pambali pa cha lero, ndipo amene akuchikumbukira anachidya ali ndi mphuno za unyamata. Izi sizichotsa mphamvu ya umboni wawo, chifukwa mbiri ya MH18 ikusonyeza kuti zimene amayi ankanena pamtondo zinali zoona ofufuza asanazivomereze. Chimene sichinathetsedwe ndi muyezo umene opanga mbewu ndi oweta nsomba ayenera kupereka ku kakomedwe poyerekeza ndi kuchuluka kwa zokolola, kupirira ku chilala ndi mtengo wa pamsika, komanso ngati ogula angalolere kulipira ndalama zowonjezera pa thumba la chimanga chamakolo kapena pa chambo chotsimikizika kuti chagwidwa m'nyanja.